Mudzi Wopanda Amuna

Mdzukulu wanga wabwera ndi buku lakale lolozera alendo njira, lonunkha nkhungu. Akuti limati ku Nkhulambe kulibe amuna.

Wolembayo ndikumukumbukira: mzungu wa njinga, wopsa mphuno, kope lili m'manja. Ine ndinkasenda nandolo pakhonde. Tinkadziwa kuti wobwera ndi kope amalemba anthu a thangata, choncho abambo anga analowa m'nkhokwe.

"Amuna ali kuti?" anandifunsa.

"Kulibe, bwana. Mudzi wonse."

Analemba. Anafunsa njira ya kuphiri, namwa madzi, napita. Abambo anatuluka anankafumbwe ali m'mutu.

Mdzukulu akuti tilembe kalata yotsutsa, poti masiku ano a matipate aliyense amalankhula. Ndakana. Mzunguyo analemba zimene anamva, ndipo abambo anagona kwawo.