Jekete Wakwera Njinga

Ndinamugwira kuseri kwa nkhokwe, atabisa mutu m'mapesi ngati sindikumuona. Mapiko m'dzanja ili, miyendo m'dzanja linali. Mpeni unali kale pamwala, wonolanola.

“Agogo! Mukupita naye kuti Jekete?”

Ameneyo ndi Takondwa, mdzukulu wanga wa zaka zisanu. Jekete ndi tambala wanga wofiira. Ndikuti wanga chifukwa gaga amene amadya ndi wanga. Dzinalo sindinamupatse ine. Munthu wanzeru satcha ndiwo dzina.

“Kasewere,” ndinatero.

“Nanga mpeniwo ngwachiyani?”

“Kasewere.”

Sanapite. Anagwira mwendo wa buluku langa, buku lake lili kukhwapa.

Pakhonde panali mlendo. A Mbewe a ku Mtakataka, amalume ake a mtsikana amene mwana wanga Fanuwelo akufuna kukwatira. Anapalasa njinga m'mawa, mwera ukuwomba, mpango uli m'khosi, kudzaona kuti mkamwini wawo akuchokera pakhomo lotani.

Mlendo wotere sumupatsa nkhwani. Nonse mukudziwa. Akafika kwawo sadzamufunsa za malata a nyumba kapena za mbuzi za m'khola. Funso ndi limodzi: anakupherani? Akayankha kuti tinadya therere, ukwati wa Fanuwelo wayamba ndi chilonda.

Zonsezi zabwera ndi buku.

Kusukulu ya mkombaphala kumene amapita Takondwa kunabwera galimoto yoyera. Inasiya katoni ya mabuku n'kubwerera kumene inachokera. Mabuku a ana. Zithunzi zikuluzikulu, mawu ochepa ngati anga. Ana amabwereka n'kubwera nawo kunyumba. Lathuli linabwera koma silinabwererenso, chifukwa mukangolikhudza, kulira kwa Takondwa kumamveka mpaka kunjanji.

Amake a mwanayu ali kuntchito ku Lilongwe. Agogo ake aakazi, aNangozo, maso anayamba kuwavuta. Ndiye wowerenga ndine. Ndinalekeza Sitandade 6, koma limeneli ndimalitha. Chala pamzere, pang'onopang'ono, pansi pa mtengo wa bwemba tikaweruka kudimba.

Mawu ake ndi a Chichewa. Nyama zake si za kuno.

Nkhani yake ndi iyi. Tambala wina wovala jekete yabuluu wadwala chimfine. Mnzake wapamtima ndi nkhandwe. Nkhandweyo yavala mpango m'khosi. Itamva kuti mnzake wadwala yathamanga, yamuphikira tiyi, yamufunditsa bulangete, yakhala pambali pa bedi mpaka kucha ikumuimbira nyimbo. M'mawa tambala wachira. Akumbatirana. Patsamba lomaliza onse awiri akwera njinga imodzi, akupita kukadya keke kwa bakha. Yathera pomwepo.

Taganizani. Nkhandwe m'chipinda chotseka, tambala wodwala ali pabedi, palibe mboni. Kukucha, tambala alipo ndithu, jekete yake yosakwinyika n'komwe.

Amene anajambula bukuli anayamba waionapo nkhandwe? Anayamba wadzukapo n'kupeza nthenga zokhazokha pakhomo la khola?

Kuno tambala akayamba kuwodzera masana, n'chitopa. Sitimuphikira tiyi. Timanola mpeni asanatitsogole.

Tsiku loyamba ndinayesa kukonza zinthu.

“Takondwa, nkhandwe imadya nkhuku.”

“Iyi ayi, agogo.”

“Zonse zimadya.”

“Iyi ayi. Iyi yavala mpango.”

Yankho limenelo silinali lachilendo. Ndinalimvapo kwa anthu a ndevu zawo.

Chiyambireni za zipani zambiri, mavoti akayandikira nkhandwe zimatsika phiri pamsewu wokhotakhota wa ku Golomoti, iliyonse ndi mpango wa mtundu wake. Zimatidziwa mayina. Zimatigulira mabokosi a maliro. Zimagwada pamphasa n'kufunsa za chifuwa cha agogo. Wina akati, abale, iyi si ija inadya nkhuku zathu ulendo watha uja? Timamuyankha kuti khala chete, iyi ndi ina, taona mpango wake.

Ena dzulo amatukwanana pawailesi mpaka mabatire kutha. Lero akwera njinga imodzi, akuti akupita kukadya keke. Kekeyo waphika ndani? Ufa wake ngwa ndani?

Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mwana wa zaka zisanu ndingamukhululukire. Nanga ife?

Koma tibwerere kunyumba kwanga.

Mwana akamva nkhani amafuna kuichita. Tsiku lina aNangozo anafunafuna nsalu yawo yatsopano yopitira kutchalitchi ku Mua. Anaipeza kuseri kwa khitchini, itafunditsidwa galu. Akuti galuyo anayetsemula. Tsiku lina shuga anatha m'chitini mwadzidzidzi. Tinapeza tambala akumwa tiyi m'kapu yanga. Apo ndi pamene anakhala Jekete. Tsiku linanso mwana anatsegula khola la mbuzi dzuwa lili paliwombo, akuti zikaone anzawo. Anzawowo anali matimati a aneba. Mlandu wake sindiufotokoza pano.

Ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi. Mtsikana ndithu, koma waulemu. Anandipatsa kampando ka ana, mawondo anga anafika m'chibwano.

“Bukuli likutiwonongera ziweto,” ndinatero.

“Likuphunzitsa chikondi, bambo. Mwana aziyamba ndi chifundo.”

“Nanga lophunzitsa kuti nkhandwe imaluma lili kuti?”

“Limenelo sitilisowa. Aliphunzira kwa inu akuluakulu.”

Ndinadzuka n'kumapita. Kampandoko kanafuna kupita nane.

Chinthu chimodzi sindikana. Bukuli lisanabwere, Takondwa ankagenda galu ngati anzake onse. Ankatsatira anyamata a malegeni kukatola timba wakufa. Palibe anamuphunzitsa, ankangoona. Kuno mwana amadziwa kunena kuti “choka!” asanadziwe kunena kuti “zikomo”. Galu wathu, Musandiyese, chibadwire sanamvepo mawu ena koma “choka!” yemweyo. Tsopano amayenda mchira uli m'mwamba ngati wapambana mavoti. Sabata yatha mnyamata wa aneba anamuponda dala. Takondwa anamuthamangitsa ndi mthiko mpaka pachitsime.

Ndiye bukuli ndi labodza, inde. Koma galu wanenepa.

Ndipo bodzalo si la azungu okha. Ifenso tili nalo lathu. Mwana akabadwa timamupatsa kankhuku, timati kako aka, uzikasamala. Amakadyetsa, amakathamangitsira akabawi, amakawerengera anapiye. Tsiku la mlendo timamutuma kuchigayo. Akabwera timati inatengedwa ndi vumbwe, kwinaku tikumupatsa mwendo wake kuti adye. Vumbwe wa kuno ali ndi milandu yambiri imene sanapalamule. Buku lathu lilibe zithunzi, koma bodza lake ndi lalikulu kuposa la nkhandwe yophika tiyi.

Ine ndinaiwala kumutuma kuchigayo. Cholakwa changa chinali chimenecho.

“Bambo!” anafuula aNangozo ali m'khitchini. “Madzi akuphwa pamoto! Mukuchita nayo msonkhano nkhukuyo?”

“Ndikubwera.”

“Mlendo afe ndi njala pakhonde chifukwa cha buku?”

Mwambo mukuudziwa. Nkhuku ya mlendo siiphedwa mobisa. Umayamba wamuonetsa yamoyo, aione ndi maso ake kuti si yachitopa, si yofa yokha. Ndiye ndinapita pakhonde, tambala m'manja, mwana akukokeka pamwendo ngati chitedze.

Ndinanjuta. “A Mbewe, pakhomo pano ndi pa amphawi. Kandiwo kanu ndi aka.”

A Mbewe anaomba m'manja. “Aaa, zikomo, zikomo kwambiri. Koma ndiye tambala! Ameneyu akalira mudzi wonse umadzuka. Mwatilemekeza.”

“Si ndiwo,” anatero Takondwa. “Ndi Jekete.”

“Iwe!” anatero aNangozo ali pakhomo la khitchini. “Pamaso pa alendo?”

Mwana sanamve. Anakwera pakhonde, anatsegula buku n'kuliika pamiyendo pa mlendo. Mlendo amene ndinakhala sabata yonse ndikusesa bwalo chifukwa cha iye. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

A Mbewe anatulutsa magalasi m'thumba. Anayang'ana tsamba loyamba, lachiwiri, osafulumira. Ananyowetsa chala n'kutembenuza lina.

“Ameneyu ndi yemweyu?”

“Eee. Koma jekete yake sitinasoke.”

“Anadwala?”

“Anachira. Ndinamupatsa tiyi.”

“Wachita bwino, mayi. Nanga mnzakeyu, nkhandweyi, pakhomo pano ili kuti?”

Mwana anandiyang'ana ine. Anayang'ana mpeni pamwala. Anandiyang'ananso ine.

A Mbewe anaseka mpaka kutsokomola. Anavula magalasi kupukuta misozi. Ine ndinali chinjutire, tambala akundijompha chala.

“Achimwene,” anatero atapuma, “musaphe. Mwandipatsa, ndalandira. Ndinyamula wamoyo. Lero tidye chimene chilipo.”

Mwambo umalola zimenezo. Nkhuku ikaonetsedwa ndi ya mlendo, kaya aidye pomwepo kaya apite nayo. Ndipo kunena zoona, kwa Fanuwelo zinali bwino koposa. Nkhuku yodyedwa imathera m'mimba mwa munthu mmodzi, enawo amangomva. Yamoyo imalowa m'mudzi ikukuwa, aliyense n'kuona kuti kwawo kwa mkamwini kuli tambala.

Tinadya mazira ndi chigwada. A Mbewe anayamikira. Za ukwati tinakambirana, zinayenda. Takondwa anavina pabwalo ndi galu. Anandiuza kuti a Mbewe ndi abwino kuposa anthu onse, kuposa aphunzitsi. Za ine sananene.

Mlendo ndi mame. Dzuwa litapendeka a Mbewe anatsanzika.

Ndinatenga luzi n'kumanga miyendo ya tambala. Apo mwana analeka kuvina.

“Mukumumangiranji?”

“Angagwe,” anatero a Mbewe.

“Akupita kuti?”

“Ku Mtakataka, mayi. Ndi ine.”

Anamupachika pahendulo, mutu pansi, lipombo likulendewera pafupi ndi tayala. Anakonza mpango wawo m'khosi, poti mwera unali utayambanso. Takondwa anatsegula buku msangamsanga mpaka tsamba lomaliza. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana njinga. Nkhope inawala.

“Agogo, taonani! Ngati m'buku! Akwera njinga imodzi!”

“Ndi zomwezo,” anatero a Mbewe, phazi lili kale papedulo. “Akakhala bwino. Kwathu kuli anthu ambiri omukonda. Loweruka kukubwera abale kudzamva za ukwati, iyeyu adzakhala pakati pawo penipeni.”

Anandiyang'ana ine n'kutsinzina diso limodzi. Anapalasa.

Tsopano tamverani, inu amene mumawerenga tsamba lino. Masabata onsewa ndakhala ndikunyoza bukuli. Ndauza aNangozo, ndauza aphunzitsi, ndauza anzanga pabawo kuti mwana aziuzidwa zoona. Nkhandwe ndi nkhandwe. Nkhuku ndi ndiwo. Mwana wokulira pazithunzi adzavotera mpango. Mawu amenewa ndi anga ndipo sindinawabweze.

Koma zoonazo mumamuuza tsiku liti? Ali ndi zaka zingati? Ndipo amayamba ndani, inu kapena ine?

Njinga inazimiririka kuseri kwa milambe. Tambala analira kamodzi chapatali, mawu opotoka a nkhuku yozondoka. Takondwa anakweza dzanja mpaka fumbi litakhazikika. Kenako anatseka buku, anandigwira chala chomwe chija chojomphedwa.

“Agogo.”

“Ee.”

“Pakati pawo ndiye kuti akadya keke?”

ANangozo anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, akundiyang'ana. Galu nayenso anakhala pansi n'kumandiyang'ana.

“Agogo, sakamudya, eti? A Mbewe avala mpango.”

Ndinatola mpeni pamwala, ndinausomeka kudenga. Ndinatenga khasu n'kulowera kudimba.