Madontho awiri pansi pa ngolo

Lachiwiri lapitali, chisanu chitangoyamba kuchepa, ndinali khale pampando wanga pakhomo pa shedi yathu yowotcherera zitsulo ndikusankha nyemba. Mpandowu ana anandiikira chimwalirireni bambo awo, ati ndisamakhale ndekha kunyumba. Ndiye ndimakhala pamenepo, makina akulira, ine n'kumayang'anira anthu amene sandifunsa kanthu.

Ndinangoona ng'ombe ziwiri zikulowa pageti, zikukoka ngolo yopendekeka ngati munthu wodwala msana. Chitsulo chokokera chinali chitathyoka, mwini wake n'kumangirirapo mtengo wa bulugamu ndi zingwe za matayala. Pambali pake pankayenda mkulu wina waimvi, chipewa chili m'manja.

Anakhala pa tayala lakale pafupi nane.

"Monire amama. Ine ndine Simbeye, wa ku Chisenga. Za maliro ndinamva pa wailesi, koma miyendo inandikaniza. Phepani chomene."

Anapita pangolo paja n'kutenga nkhuku yomanga miyendo, chipepeso. Nditalandira, anapitiriza.

"Tsono a Fundi anandiuza kuti ngolo yawo ikadzathyoka pamene iwo anawotcherera, ndidzabwere nayo, adzakonza ulere. Yathyoka. Ndabwera nayo."

Anali atayenda masiku awiri. Chimanga chawo chinali chikadali pamikukwe kumunda, chiswe chitayamba kulawa, ndipo anansi anali pafupi kumasula ng'ombe kuti zizidya mapesi. Popanda ngolo, chakudya cha chaka chonse chinali pamsewu.

Kwa inu amene simunawadziwe, a Fundi anali amuna anga. Dzina lawo lenileni linatsalira m'kaundula wa kutchalitchi. Kuno aliyense ankangoti Fundi, kutanthauza mmisiri pa Chiswahili, chifukwa kuwotcherera zitsulo anakaphunzira kutsidya kwa malire. Pondikwatira ku Kaseye anali ndi hamala, mapulayala ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Ankamata machubu a njinga ndi kukhoma ndowa. Sukulu analekeza sitandade 2, ine 4, choncho wophunzira m'nyumba mwathu ndinali ine.

Mphepo ya matipate itayamba kuwomba, anagulitsa njinga yawo ndi mbuzi zanga zinayi, n'kukagula makina akale owotcherera ndi jenereta yotsokomola. Za mbuzizo ndinawakumbutsa mpaka chaka chimene anamwalira. Anayamba ndi ngolo. Kenako mapulawo, mafelemu a mawindo ndi zitseko, chigayo, mpaka makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa. Potisiya chaka chatha anasiya shedi yaikulu pa Boma pano, antchito ochuluka moti ena ndimawasokoneza mayina, ndi ana asanu.

Amene akuyendetsa shedi tsopano ndi wachitatu, Lusekelo. Ndi mwana wabwino, ndipo ntchitoyi anakaiphunzira ku koleji, ali ndi pepala lake. Mlungu umenewo mutu wake unali utatentha ndi mafelemu a mpingo wina, ofunika Lachisanu.

Anamvetsera nkhani ya a Simbeye atapinda manja.

"Asekulu, risiti muli nayo?"

"Risiti ya chaka cha referendamu, mwana wanga? Chiswe chinaiwerenga kalekale. Suzumira pansipo. Adada ako ankalemba pachitsulo."

Lusekelo anayala katoni, anagona chagada, n'kulowa pansi pa ngolo ndi burashi yawaya. Anapala, anapala. Potuluka anali ndi kumwetulira kuja kwa munthu amene akufuna kukukana mwaulemu.

"Phepani asekulu, iyi si yathu. Chizindikiro chathu ndi madontho asanu. Apa pali awiri okha. Analipo anthu ambiri amene ankakopera ntchito ya adada."

A Simbeye anavala chipewa pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndayenda masiku awiri kudzanama."

"Sindinatero, asekulu."

"Watero, mwana wanga. Koma mwaulemu."

Anayamba kutembenuza ng'ombe. Apo m'pamene ndinaika lichero pansi. Maondo anga masiku ano sagwirizana ndi simenti, komabe ndinagwada n'kupisa dzanja pansi pa ngolo, pamene Lusekelo anapala. Maso sanafunike. Chala chinapeza timaenje tiwiri pachitsulo, kachiwiriko kopendekera pang'ono.

Ndinakadziwa. Kanapendekera chifukwa wogwira msomali ndinali ine, ndipo ndinkaopa hamala.

A Fundi kulemba dzina kunkawavuta. Ndiye akamaliza ntchito ankatenga msomali wolimba n'kukhoma madontho pachitsulo, dontho limodzi mwana mmodzi. Atabadwa Tusekile, pansi pa ndowa pankakhala dontho limodzi. Atabadwa Lughano, awiri. Abale awo ankawaseka kuti akuwerengera ana aakazi amene mawa adzapita kwa eni. Iwo ankangoyankha kuti, "Inu mukuwerenga ng'ombe za malowolo. Ine ndikuwerenga ana."

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene amalonjezera anthu kukonza ulere pamene ife tikugona m'nyumba yodontha. Anandiyankha akupukuta manja: "Ndikakhoma apa ndiye kuti ndagoneka ana anga pansi pa ngoloyi. Ndingawotcherere mwachinyengo pamwamba pa ana anga?"

Ndinadzuka mogwirira tayala, n'kumuyang'ana mwana wanga.

"Lusekelo, ngolo iyi ndi mkulu wako. Tsiku limene tinkakhoma apa iwe unali m'mimba ukundimenya mateche. Dontho lako linali lisanafike."

Makina anali atazimitsidwa, antchito onse atatchera khutu. Wina anayamba kuseka, kenako onse.

A Simbeye anavulanso chipewa. "Ndiye ugwade, mwana wanga, upereke moni kwa akulu ako. Ayenda ulendo wautali."

Atakhalanso pa tayala paja anatiuza mmene anaigulira. Inali nthawi imene anthu ankakangana za nyali ndi tambala, wina akufuna zipani zambiri, wina chimodzi. Iwo anali a nyali, ndipo anapempha a Fundi kuti awajambulire nyali yaikulu kumbuyo kwa ngolo. A Fundi anakana. Ati, "Ng'ombe sizivota, a Simbeye. Mawa mudzafuna kunyamula chimanga cha mnansi wanu wa tambala."

Ndinaseka mpaka misozi. Amenewo anali mawu a amuna anga enieni. Okopera angakopere chitsulo, koma pakamwa paja palibe akanakopera.

Lusekelo yekha sankaseka. Anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu: "Amama, bwanji simunatiuze?"

Funso limeneli ndi limene landilembetsa lero.

Mwanayu wakula akuona madontho asanu pa chilichonse chotuluka m'shedi muno. Anawaika mpaka pachikwangwani cha pageti ndi pa mayunifolomu a antchito. Iye ankayesa n'zokongoletsa chabe, ngati mizere ya pa nsapato. Sankadziwa kuti lachitatu ndi iyeyo. Wolakwa ndani pamenepa? Mwana kapena ife?

Miyezi itatu tsopano ana anga akukangana pa foni za chiliza cha bambo awo. Tusekile akufuna mwala wakuda wonyezimira wa ku Lilongwe. Lughano walemba mawu a Chingelezi odzaza tsamba, ati mbiri ya malemu. Aang'ono awiri otsalawo akulimbana ndi za nsalu zosindikiza nkhope. Sindikunyoza. Nsaluyo ndidzavala, ndipo ndidzavina nayo. Koma ndinapempha kuti andimasulire mawu a Chingelezi aja. Muli zoti anali munthu wolimbikira, wamasomphenya, mzati wa chitukuko. Mtengo wa mango mulibe. Mbuzi zanga mulibe. Madontho mulibe.

Si banja langa lokha. Pitani kumanda alionse kuchokera kuno mpaka ku Wenya, muone mmene tikumangira ziliza masiku ano, zina zoposa nyumba zimene eni ake ankagonamo. Kenako imitsani mdzukulu mmodzi mumufunse kuti agogo akewo anayamba bwanji, ankakana chiyani, analonjeza ndani chiyani. Adzakuuzani tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira, chifukwa n'zimene zalembedwa pamwala.

Ife a msinkhu wangawu tili ndi matenda athu. Tinavutika, ndiye tinalumbira kuti ana athu asadzaone zimene tinaona. Tinawatumiza kusukulu, tinawaveka nsapato, n'kuwabisira nyumba yodontha ija ngati kuti inali mlandu. A Fundi sankalola kudya chamasana ana asanafike kuchokera kusukulu, ngakhale kasitomala adikire bwanji panja. Pambale paja ankafunsa aliyense kuti waphunzira chiyani. Koma sindikumbukira tsiku limodzi limene anawauza zimene iwo anaphunzira. Ankati ana adzaona okha. Nanenso ndinkati adzauzidwa ndi bambo awo. Tinadikirana mpaka wina anapita.

A Simbeye akanabwera tsiku limene ine ndili kuchipatala ndi maondowa, bwenzi atabwerera ku Chisenga ali wabodza, ngolo ili chithyokere, chimanga n'kuthera chiswe. Bwenzi akuuza mudzi wonse kuti mawu a Fundi anakwiriridwa limodzi ndi mwini wake. Ife pano n'kumasankha mtundu wa mwala.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lusekelo anaimbira foni abusa a mafelemu aja n'kupempha kuti adikire mpaka Lolemba. Abusawo anamukalipira, ndinamva ndili pampando wanga. Kenako anavula malaya ake oyera, anatenga ovololo ya bambo ake imene inali chipachikire pamsomali, n'kuyamba kudula chitsulo yekha. Sanatume munthu.

A Simbeye anagona kwathu, ng'ombe zawo zikudya udzu kuseri kwa chigayo. Nkhuku ija tinaipha tsiku lomwelo, ndipo mkuluyo anadya nawo chipepeso chake chomwe, mpaka kupempha chiwindi.

Ana ena aja ndawauza kale pa foni. Ndati Chingelezi chanucho lembani pamwalapo, ophunzira adzawerenge. Koma pansi pake mukhomepo madontho asanu, kuti nanenso ndikamapita kukasesa ndizikhala ndi choti ndiwerenge. Tusekile ndamuuzanso kuti dontho loyamba ndi iye.

Nanga inu owerenga, chilipo chimene chili pansi pa ngolo ya kwanu chimene mukuchidziwa nokha? Mukudikira kuti adzafotokoze ndani?

Lachitatu m'mawa ngolo inali itaima chilili, chitsulo chatsopano chikunyezimira. A Simbeye akumanga ng'ombe m'goli, Lusekelo anabwera kwa ine ndi hamala ndi msomali.

"Amama, mundigwirire."

Tinagwada tonse awiri. Pambali pa madontho awiri aja anakhoma lachitatu. Atadzuka anawauza a Simbeye kuti ikadzathyokanso pamene iye wawotcherera, adzabwere nayo.

"Yewo, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Koma ukawotcherera ngati adada ako, wobwera nayo adzakhala mdzukulu wanga. Ndikamuuza lero lomwe kuti azidzawerenga atatu."

Ngolo isanatuluke pageti ndinapisanso dzanja pansi. Dontho lachitatu nalonso lapendekera. Hamala ndimaiopabe.