Mbawa za a Rodrick Nangwale

Ndili ndi digiri ya zachilengedwe, ndipo sindichita manyazi kunena kuti m'dera lonse la Ludzi ndi ochepa amene angalimbane nane pa mtsutso. Mmodzi amene sankatopa nane anali tenanti wa fodya, a Rodrick Nangwale, ndipo zimene zinawachitikira zimandiimitsabe mutu.

A Rodrick anabadwira ku Phalombe, kumene munda wa makolo awo unagawidwagawidwa mpaka kutsala kachigamba. Anabwera kuno ndi akazi awo, a Enifa, pamodzi ndi ana atatu, nakhazikika pa esiteti ina kufupi ndi malire a Zambia. Sukulu anailekeza panjira, koma kuwerenga sanakuleke. Laibulale yawo inali golosale ya a Sufiyan, amene ankakulunga usipa m'mapepala ong'ambidwa m'buku lakale lonena za nthaka, mitsinje ndi mitengo. A Rodrick ankawongola pepala lililonse n'kuliwerenga likununkha nsomba.

"A Sufiyan, mwandidumphitsa tsamba," ankadandaula motero. "Dzulo ndinasiyira pa kukokoloka kwa nthaka."

"Limenelo lapita ndi usipa wa a Anasi," a Sufiyan ankayankha. "Kalipempheni kumeneko, aprofesa."

Pa benchi ya golosaleyo ndi pamene ndinawadziwira. Ine ndinkati nkhalango zikutha chifukwa cha umbuli, iwo ankati zikutha chifukwa cha zigafa zoumitsira fodya, ndipo sitinagwirizanepo.

Zimene anawerengazo anazichita. M'mbali mwa kamtsinje kodutsa kumunsi kwa munda umene anapatsidwa, anabzala kesha ndi mbawa, nazithirira m'chilimwe ndi madzi otsala ku nazale ya fodya. Zaka zitapita, gombe limene linkagumuka dzinja lililonse linakhazikika, ndipo amayi anayamba kuchapira pa mthunzi wake.

Chimene bukulo silinalembe ndi mwambo wa malo. Kuno, wobzala mtengo wokhalitsa amakhala ngati walengeza kuti nthakayo ndi yake. Mwini esiteti atamwalira, ana ake anayendera malire, ndipo ataona mbawa zija anaopa kuti tenantiyo adzaziloza ngati umboni pa mlandu wa malo. Kapitawo anabwera ndi uthenga wachidule: mitengo igwe, apo ayi banja lisamuke fodya asanathyoledwe, thukuta la chaka chonse litsalire m'munda.

Nditamva, ndinapalasa njinga kupita komweko, mfundo zokagonjetsera ana a mwini esiteti nditazisanja kale m'mutu. Nkhwangwa ndinaimva ndisanafike. Ndinkayembekezera kupeza aganyu a kapitawo, koma ndinapeza a Rodrick eni ake, malaya atavula, mbawa yomaliza ikupendekeka.

"Bambo Nangwale, palibe lamulo lokukakamizani kuchita zimenezi," ndinatero. "Tikhoza kukadandaula kuboma."

"Pamene tikudandaulapo, achimwene, ana azigona kuti?"

"Koma munawerenga nokha zimene zidzachitikire gombe ili."

"Ndinawerenga. Patukani, igwera komweko."

Inagweradi pamalo pamene ndinali nditaima. A Enifa ankasadza nthambi osadzutsa mutu. Kesha uja anasanduka mphanda za chigafa chatsopano, ndipo posakhalitsa fodya wa abwana anali akulendewera pa mitengo imene tenanti wawo anaithirira ndi manja ake. Banja linatsala pa esiteti.

Mpaka lero ndimaumirira kuti mlanduwo tikanawina, ndipo ndili wokonzeka kutsutsana ndi aliyense. Ndinafuna kuyamba ndi a Rodrick tsiku limene ndinawapezanso pa golosale, koma sanakhale pa benchi. Anaitanitsa usipa ali chiimire. A Sufiyan anang'amba pepala m'buku lija, nalisuzumira.

"Lero muli ndi mwayi, aprofesa. Ndi mutu wonena za mvula."

"Ingondiikirani m'jumbo," anatero a Rodrick.

A Sufiyan anatsala ali chigwirire pepalalo, akuyang'ana ine ngati kuti ndili ndi yankho.