Ndinawaletsa kumwa madzi ku Lodwar

Chizindikiro choyamba chinali mkodzo. Linali Loweruka, mwezi wa Febuluwale, ku Lodwar, kumpoto kwa dziko la Kenya. Amuna anga, bambo a Tadala, anatuluka m'chimbudzi n'kundiuza mwamanyazi kuti mkodzo wawo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Anatinso mutu ukuwawa ndipo minofu ya m'miyendo ikukokana. Ine ndinawayankha ndi chimwemwe chonse kuti amenewo ndi mafuta akusungunuka, ndipo ayenera kuthokoza Mulungu. Mawu amenewa ndimawamvabe m'makutu mwanga mpaka lero.

Tinafika ku Nairobi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Bambo a Tadala anapeza ntchito ku bungwe lina lakunja lokumba zitsime, ndipo tinkakhala ku Ngong. Moyo wa ku Nairobi unawakonda kwambiri. Kuntchito pagalimoto, kutchalitchi pagalimoto, Loweruka nyama yootcha ndi anzawo. Pasanathe zaka zitatu mimba inatsogola, mwini wake akubwera pambuyo. Kenaka dokotala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti achepetse thupi.

Ntchito imeneyo ndinailanda ine. Kwathu ku Dedza ndinali mphunzitsi, ndipo ndinkaphunzitsanso atsikana mpira wamanja. Ndinali ndi malamulo anga, omwe nanenso ndinawalandira kwa aphunzitsi anga osawafunsa. Loyamba linali lakuti wofuna kuonda avale zokhuthala kuti thukuta lituluke lambiri. Lachiwiri linali lakuti wothamanga samwa madzi mpaka atamaliza, chifukwa madzi amabaya m'nthiti ndiponso amalemeretsa munthu. Ndinawagulira tirakisuti ya nayiloni, ndipo madzulo aliwonse akaweruka ndinkawathamangitsa mumsewu wokwera kumapiri a Ngong, wenzulo ili pakamwa.

Ku Ngong kumazizira ngati kwathu, ndipo kumapiriko mphepo siitha. Malamulo anga sanavulaze munthu kumeneko. Mimba inaphwa, magazi anatsika, dokotala anayamikira. Ine ndinadzitukumula. Tikakumana amayi achimalawi pambuyo pa mapemphero, ndinkawauza kuti andibweretsere amuna awo ndiwawongole.

Kenaka bungwe lija linawatumiza ku Lodwar. Ine ndinatsala ku Ngong chifukwa cha sukulu ya Tadala, mwana wathu. Powatsanzika ndinawaikira tirakisuti ija m'chikwama ndi manja anga. Ndinawauza kuti asasinthe kanthu: nthawi yomweyo, chovala chomwecho, lamulo lomwelo. Ndinaonjeza kuti ndikadzabwera kudzawaona ndikadzapeza mimba yabwerera, ndidzabwerera pakhomo pomwepo. Ndinkaseka ponena zimenezi, koma iwo ndi munthu wosunga mawu.

Patapita mwezi ndi theka ndinasiya Tadala kwa mnzanga wina ku Rongai n'kupita. Kutentha kwa ku Lodwar sindinakuonepo kwina kulikonse. Mphepo yake imaotcha kumaso, ndipo chitseko cha galimoto sungachigwire ndi dzanja. Masana anthu onse ankakhala pamthunzi, ngakhale mbuzi. Ine ndinaona zimenezo n'kunena mumtima kuti anthu a kuno ndi aulesi. Sindinafunse aliyense chifukwa chake. Amati safunsa anadya phula, koma kwathu amene sanafunse ndi ine, ndipo amene anadya phulalo ndi amuna anga.

Loweruka lija litapita, Lamulungu anapuma. Lolemba madzulo anandipempha kuti apumenso, poti thupi linali lolemera. Ndinakana. Ndinawauza kuti ulesi umayamba choncho, ndipo ndinawaperekeza ndekha kumtsinje wouma kumene ankathamangira. Iwo anali patsogolo mu nayiloni muja, ine pambuyo ndi ambulera ndi botolo la madzi. Popeza ine sindinkathamanga, ndinkamwa. Atazungulira kamodzi anaima pafupi nane n'kutambasula dzanja. Ndinabisa botolo kumbuyo n'kunena kuti, "Mukamaliza."

Sanamalize. Atapita patsogolo pang'ono anayamba kuyenda mokhotakhota ngati woledzera. Nditawapeza anandifunsa ngati basi ya ku Dedza yadutsa kale. Kenaka anagwa chafufumimba pamchenga. Khungu lawo linkaotcha ngati mbale yochoka pamoto. Ndinawathira madzi otsala aja pakamwa koma anangotayikira m'khosi. Ndinakuwa m'Chichewa, m'dziko la eni, ndipo amuna awiri amene ankadutsa ndi mbuzi anandimva. Iwowo ndi amene anawanyamula mpaka pamsewu.

Pachipatala chaching'ono cha kumeneko namwino sanataye nthawi ndi mafunso. Anadula tirakisuti ija ndi sizasi n'kuiponya pansi. Anawakulunga ndi nsalu zonyowa, anawaika dilipi, ndipo ine anandipatsa chikatoni kuti ndiziwakupiza. Ndinakupiza mpaka manja anachita dzanzi. Anatsitsimuka, anandizindikira, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Koma tsiku lotsatira lonse sanakodze, ngakhale madilipi anali atalowa angapo. Mapazi anayamba kutupa. Lachitatu bungwe lija linatumiza ndege yaing'ono, ndipo tinabwerera ku Nairobi iwo ali chigonere.

Ku Nairobi dokotala anatifotokozera modekha. Anati kutentha ndi kusowa kwa madzi zinaononga minofu, ndipo zinyalala za minofuyo zinatseka impso. Mkodzo wakuda uja unali chenjezo. Anati impso nthawi zina zimadzuka zokha pakapita masabata, nthawi zina sizidzuka, ndipo zikapanda kudzuka munthu amadalira makina osefa magazi moyo wake wonse. Makinawo anali ochepa, odwala ali ambiri. Kenaka anayang'ana bambo a Tadala n'kufunsa kuti, "Ndani anakuuzani kuti muzithamanga padzuwa ku Lodwar, mutavala nayiloni, osamwa madzi?"

Ndinali nditakhala pampando pafupi ndi bedi. Amuna anga sanandiyang'ane n'komwe. Anayankha kuti, "Palibe, adokotala. Ndinangoganiza ndekha." Dokotala anapukusa mutu n'kunena kuti munthu wokumba zitsime sayenera kufa ndi ludzu. Amuna anga akanandikalipira mwina zikanandipepukira, koma anandiphimba, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Masiku a m'chipatala amafanana. M'mawa anamwino ankawayeza pasikelo, n'kutenga magazi. Kenaka dokotala ankadutsa ndi gulu lake. Masana kunkabwera chakudya chopanda mchere, chomwe ankangochilawa. Kangapo anawatengera ku makina aja, ndipo ankabwerako atatheratu mphamvu. Ine ndinkakwera minibasi, yomwe kumeneko amati matatu, ku Ngong kukadali chisisira, n'kukadikira pabenchi mpaka nthawi yoona odwala. Pambali pa bedi panali botolo lokodzeramo. Ndikalowa m'wodi, maso anga ankayamba kugwera pabotolopo ndisanapereke moni. Masiku onsewo munkangokhala timadontho.

Chimene chinandisautsa kwambiri ndi ichi. Popeza impso sizinkatulutsa kanthu, dokotala analamula kuti asamamwe madzi opitirira kakapu kamodzi patsiku, chifukwa otsalawo akanadzaza m'mapapo. Milomo yawo inang'ambika. Ankayang'ana jagi ya wodwala mnzawo, kenaka n'kuyang'ana ine. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Mayi a Tadala, pang'ono pokha." Ndinayenera kuwakananso. Ku Lodwar ndinawamana chifukwa cha kudzikuza kwanga, apa ndinawamana kuti akhale ndi moyo, koma kwa iwo ludzu linali lomwelo ndipo wowamana anali yemweyo. Ndinanyowetsa thonje n'kuwapukuta milomo, kenaka ndinatuluka kukalira pakhonde.

Namwino wina wachikulire anandipeza pamenepo. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa wenzulo mpaka pa botolo lomwe ndinabisa kumbuyo. Sanandinyengerere. Anangoti, "Pole, mama, pepani mayi. Zachitika. Tsopano pukutani maso mubwerere mkati, akukufunani."

M'sabata yachitatu, Lachinayi m'mawa, ndinalowa m'wodi n'kupeza namwino yemweyo atanyamula botolo lija, akuliyang'ana pawindo. Linali pafupi kufika theka. Sindinaganizepo kuti ine, mayi wamkulu ndi ulemu wanga, ndingaululutire mkodzo, koma nthungululu inatuluka yokha ndipo odwala onse anatembenuka. Tsiku lotsatira botolo linadzaza. Patapita masiku ochepa dokotala anati impso zadzuka, ndipo tsopano azimwa mmene angafunire.

Ndinatunga madzi m'kapu, ndinagwada pambali pa bedi monga timachitira kwathu, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anailandira, koma sanamwe msanga. Anandiyang'ana ndi maso awo olowa n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndamaliza kodi? Ndimwe?" Ankaseka. Ine kuseka kunandikanika. Ndinawapepesa pomwepo, pamaso pa anthu, ndipo iwo anangoti nawonso anali ndi pakamwa pokanira. Anamwa kapu yonse, ndipo ndinakatunganso ina.

Anatuluka m'chipatala patatha mwezi ndi masiku. Kuyenda kuchoka pakhomo kufika pageti kunkawatopetsa. Patapita miyezi inayi anabwerera ku Lodwar, chifukwa zitsime zinali kudikira, ndipo ulendo uno malamulo anachokera kwa dokotala. Masabata oyamba osachita kanthu, thupi lizolowere kutentha. Kenaka kuyenda chabe, osati kuthamanga, ndipo dzuwa lisanatuluke. Malaya a thonje otakasuka. Kumwa asananyamuke, kumwa panjira, kumwa pobwera. Tsiku lotentha mopitirira, kukhala pamthunzi ngati mmene eni dziko amachitira. Anatsata zimenezi zaka ziwiri zonse zomwe anakhala kumeneko, ndipo mimba sinabwerere.

Lero tili kwathu, tonse takalamba. Bambo a Tadala amamwa mankhwala a magazi, ndipo impso zawo amakaziyezetsa kawiri pachaka. Sizinabwerere mwakale kwenikweni, ndipo pali mankhwala ena a ululu omwe saloledwa kumwa. Akamadandaula msana n'kulephera kumwa chimene ena amamwa, ndimadziwa kumene zinachokera.

Kwa inu amene mwasamukira kudera lotentha, kaya ndi kunja kaya ndi kuchigwa cha Shire, musatengere kumeneko zizolowezi za kumalo ozizira. Yang'anani mmene eni dera amakhalira ndi dzuwa lawo, ndipo funsani. Mukaona mkodzo wada, minofu ikukokana, mutu ukuwawa kapena munthu akuyankhula zosamveka, muikeni pamthunzi, mumuziziritse, ndipo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ife tinapatsidwa chenjezo Loweruka, ine n'kulitaya mpaka Lolemba.

Timayendabe m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, mpaka pamlatho n'kubwerera. Botolo ndimanyamula ndine. Sindidikira kuti atambasule dzanja.