Anandisambitsira injini

Apongozi anga aamuna anandipempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wawo wonse. Tinali pakhonde kwawo kwa Kawinga. Analoza pikapu yanga n'kunena kuti, "Ndikadzafera kuchipatala, mudzanditenge ndinu pa galimoto imeneyi. Za galimoto yahayala iyayi." Ndinavomera. Anali munthu wondilemekeza, ngakhale ine ndine Mkatolika wa ku Phalula ndipo iwo anali Msilamu.

Anamwalira m'mawa wina kuchipatala ku Machinga. Mkazi wanga, yemwe ankawadwazika, anandiimbira foni akulira. Asilamu maliro sagoneka. Shehe anali atanena kale kuti thupi lifike kumudzi masana, aike dzuwa lisanalowe. Ndinaliza galimoto nthawi yomweyo. Inalira kamodzi ngati masiku onse.

Pachipatala ndinapeza alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Anazungulira pikapu, n'kununkhiza kumbuyo.

"Alamu, munanyamula chiyani umu?"

"Nkhumba za munthu, dzana. Ndinatsuka."

"Kutsuka kwanu kumeneko! Bambo anga agone pamene pagona nkhumba? Bweretsani makiyi."

Pamenepo sindinatsutse. Mwambo ndi wawo. Pamene pakhudza nkhumba amatsuka ndi madzi komanso dothi. Ndinawauza kuti atsuke kumbuyo kokha. Ndinalowa mkati kukaona mkazi wanga.

Potuluka ndinaipeza galimoto pamjigo, boneti ili yasa. Alamu ali ndi ndowa m'manja, akukhuthulira madzi pa injini yotentha. Nthunzi ili tolo. Matope ali mbuu pa zingwe, pa batire, paliponse.

"Mukuchita chiyani?"

"Fungo limalowa ponseponse, alamu."

"Nkhumba zinakwera mu injini? Zinkayendetsa ndi izo?"

"Musakweze mawu, pano pali zovuta."

Ndinakhala pampando n'kupotoza kiyi. Sitata inazungulira, injini osagwira. Ndinayesanso. Inatsokomola, n'kukhala chete.

Galimoto imeneyo ndi yakale, ya petulo. Madzi imadana nawo. Ndinayamba ndi disitibiyuta, kachipewa kamene kamagawa moto kupita ku mapulagi. Nditatsegula, madzi anachita kudontha. Mkazi wanga anali atatuluka. Anavula mpango wakumutu n'kundipatsa. Ndinapukuta mkati monse. Ndinazula zingwe za mapulagi. M'maenje mwa mapulagi munali madzi amatope. Kumasula pulagi choncho, matope onse akanagwera mu injini. Ndinakulunga nsalu ku kamtengo n'kumayamwitsa dzenje lililonse.

Alamu ali pambali panga, pakamwa osatseka.

"Mwina mafuta atha."

"Mafuta alimo."

"Galimoto zinazi n'zokalamba basi. Madzi pang'ono omwewa?"

"Chokani apa."

Mapulagi ndinapita nawo kwa mayi wina amene ankakazinga zitumbuwa pageti. Anandilola kuwayanika m'mbali mwa mbaula. Ndili pomwepo ndinamva sitata ikulira. Alamu anali atalowa m'galimoto, akupotoza kiyi, injini ilibe mapulagi. Ndinathamanga. Pofika, batire inali itayamba kale kufooka. Ndinawalanda kiyi. Mawu amene ndinanena sindiwalemba pano.

Ndinabwezera mapulagi, ndinapala mitu ya batire, ndinatsegula chosefera mpweya. Nachonso chinali chonyowa. Ndinachiyanika pa denga la galimoto. Dzuwa linali litapendeka. Foni ya alamu inkangolira, akumudzi akufunsa kuti thupi lili pati, manda atha kale kukumbidwa.

Amuna amene ankadikira odwala awo anatithandiza kukankha. Injini inagwira, koma inkanjenjemera ngati munthu wamalungo, kenako inazima. Moto unkathawira penapake. Ndinakayikira koyilo, kachipangizo kamene kamatumiza moto ku disitibiyuta. Ndinauza alamu kuti, "Ndipatseni kanthawi. Chatsala n'chimodzi."

Anapita kuseri kwa mtengo ndi foni yawo.

Koyilo inali ndi matope pakamwa pake, pamene pamalowa chingwe chachikulu. Ndinkakolokosola ndi kawaya pamene lole ina inalowa pageti n'kubwerera chambuyo mpaka pakhomo la nyumba yachisoni. Ndinaona anthu akutulutsa apongozi. Ndinapita ndi manja amatope.

"Alamu, bambo ananena kuti ndiwatenge ndine. Inu munalipo."

"Ananena, inde. Nanga tiwaike usiku chifukwa cha chigalimoto chanucho?"

"Mwachipha ndinu!"

"Ine ndangotsuka."

Mkazi wanga anandigwira mkono. "Abambo, asiyeni. Anthu akuona." Anakwera lole ija mutu uli pamtunda, mpango wake uli m'manja mwanga, wakuda bii ndi oyilo.

Ndinabwerera, ndinapukuta koyilo, ndinalumikiza chingwe. Amuna aja anakankhanso. Injini inalira bwinobwino, osaphonya ngakhale pang'ono. Lole inali isanafike n'komwe pamsewu wa tala.

Ndinaitsatira mpaka kwa Kawinga, fumbi lake likundilowa m'maso, kumbuyo kwanga kulibe kanthu. Apongozi anaikidwa dzuwa likadalipo. Pamenepo palibe chodandaula. Koma pamaliro ndinamva anthu akunong'ona kuti mkamwini wa ku Phalula anabwera ndi galimoto yakufa. Alamu anamva, koma sanawauze kuti anaithira madzi ndi iwo. Mwini lole uja palibe anamufunsa chimene ananyamula dzana lake.

Alamu sanapepese mpaka lero. Akabwera kwathu ndimawapatsa mpando ndi madzi akumwa, chifukwa ndi achimwene a mkazi wanga. Makiyi ndimaika m'thumba. Chaka chatha anandipempha kuti ndikawanyamulire chimanga kumunda. Ndinawauza kuti aimbire lole ija.