Thirakitala Yoyenda Chobwerera

Chitini chija chinali chobulungira ngati mbale, cha dzimbiri m'mphepete, ndipo ukachitsekula chinkanunkha viniga. Munali filimu yakalekale yotsatsa mathirakitala, imene amalume anaigula pa selo ya katundu wa mlimi wina kunja kwa mzinda wa South Bend, kumene ankakhala. Tchuthi chimenecho amayi anandisiya kwa amalumewo chifukwa mashifiti anawachulukira kuchipatala ku Indianapolis. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Amalume ankaikonda filimuyo kuposa mpira. Mufilimumo mzungu wachipewa ankamasula akavalo ake, n'kukwera thirakitala, dothi lakuda n'kumagudubuzika kumbuyo kwake. Amalume ankati ali mwana, galimoto ya kanema inafika kwawo ku Kasungu n'kuonetsa zonga zomwezi pakhoma la sukulu. "Tinaomba m'manja mpaka kutupa," ankatero.

Koma makina oonetsera ankawagwira ndi msuweni wanga yekha. Mwana woti ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi! Ine ndikangosendera, amalume ankati, "Iwe manja ako ngoyabwa, khala uko." Msuweni n'kumakoleka filimu m'timano ta makinawo mwapang'onopang'ono, akundiyang'ana cham'mbali. Mtima unkandiwawa. Mpaka pano ndimati analibe luso lililonse, anangokhala mwana wa mwini makina basi.

Loweruka lina masana kunabwera anthu a kumpingo, ochokera kwathu ngati amalume, chipinda chapansi chinadzaza. Filimu ili pakati, msuweni anatumidwa kukatenga mipando ina. Ine nyamu, n'kupotokola kabatani kobweza m'mbuyo.

Thirakitala inayamba kuyenda chobwerera. Dothi linkadzitseka lokha, mizere ikufufutika. Mzungu uja anatsika chafutambuyo n'kukamanganso akavalo ake. Anthu anaseka mpaka mayi wina anatsamwa ndi mandasi. Msuweni anatsika masitepe akuthamanga, misozi ili lengelenge. Kukoma kwake! Sindinapepese, ndipo musadikire kuti ndidzapepesa.

Ndinkayembekeza kukokedwa khutu. Koma msuweni atatambasula dzanja kuti akonze, amalume anamugwira mkono.

"Isiye choncho."

Amalume anaionera mpaka munda wonse unabwerera kukhala tchire.

"Kwathu inayenda chomwechi," anatero motsitsa mawu. "Tinaiona pakhoma, galimoto inapita, m'mawa tinatenga makasu."

Ine ndinamvapo chinthu chimodzi chokha: amalume asankha filimu yanga, osati ya mwana wawo. Ndinakwera masitepe ndikuvina, ndikumutulutsira lilime msuweni. Ndili pamwamba ndinacheuka, n'kudabwa kuti azibambo onse aja asiyiranji kuseka chinthu choseketsa chonchi.