Beseni la Amayi Jemima pa Phazi la Wakuba

Amayi Jemima anachoka ku Ntcheu ali mtsikana, ndipo anatha zaka khumi ndi ziwiri akusesa ndi kukolopa pa polisi ina mu Lilongwe. Pokolopa m'makonde ankamva apolisi ofufuza milandu akudandaula kuti akafika pamene paba akuba, amapeza anthu atapondaponda kale, atagwira chilichonse, ena atasesa n'kusesa komwe.

Atapuma ntchito mu 2004 anakakhala ku Chinsapo, akugulitsa tomato ndi anyezi pakhomo.

M'mawa wina mu Januwale anamva phokoso kwa aneba awo, Abambo Swaleh, telala wochokera ku Mangochi. Akuba anali atathyola zenera la shopu n'kutenga makina osokera. Anthu anali atasonkhana, ndipo amuna awiri anagwira Lajabu mikono. Lajabu anali bambo wa ana atatu, wotsimphina mwendo wamanzere, amene ankasoka m'shopumo mpaka pamene anakangana ndi a Swaleh mwezi wathawo.

"Ndi yemweyu! M'menyeni aulule!" wina anakuwa.

Amayi Jemima anamasula chingwe choyanikira zovala n'kuchimanga kuchoka pamtengo wa mango kukafika kumpanda.

"Aliyense abwerere m'mbuyo. Abambo Swaleh, inunso musalowe, ndipo zeneralo musaligwire."

"Amayi, shopuyi ndi yanga," anatero a Swaleh.

"Ndi yanu, inde. Koma mukalowa mufufuta zimene wakubayo watisiyira."

Pansi pa zenera, m'matope, munadinda phazi la jombo, pambali pake pali mzere wa tayala la wilibala wolowera kumadimba. Kumwamba kunali kutada. Amayiwo anavundikira phazilo ndi beseni lochapira, n'kutsindira ndi mwala. Anatuma mpongozi wawo Emmie kukaimba foni kupolisi, kenako anakhazika Lajabu pakhonde pawo, iwo n'kukhala patsogolo pake.

Anadikira maola atatu. Mvula inagwa, ena anabalalika, koma aukali anatsala akung'ung'udza. Amayi Jemima nawonso sankadziwa ngati akuteteza munthu wosalakwa.

Apolisi awiri atafika, wamkuluyo anafunsa amene anamanga chingwe. Amayi Jemima anavomera n'kuvundukula beseni, phazi lija lili bwinobwino. Apolisiwo analijambula, kuliyeza ndi tepi, n'kuwaza ufa wakuda pagalasi kuti aone zidindo za zala. Kenako anayeza phazi la Lajabu.

"Jombo iyi ndi ya munthu wamkulu thupi," anatero wapolisi wamkulu uja. "Phazi la bambo awa ndi laling'ono, lamanzereli ndi lopindika. Tiwafunsa mafunso, koma amene anaima apa si iwowa."

Amayi Jemima anangokhala pansi n'kupempha Emmie madzi akumwa.

Mzere wa wilibala unali utafufutika ndi mvula, koma amayiwo analoza kumene unalowera. Makina anapezeka m'chimanga, atakwiriridwa ndi udzu. Patatha sabata ziwiri, zidindo za pagalasi zinagwiritsa munthu wina wonyamula katundu pamsika.

Madzulo a tsiku la kubedwako, a Swaleh anafika kwa Lajabu atavula nsapato pakhomo.

"Achimwene, ndinakulakwirani. Mukafuna, makina munkasokera aja akukudikirani."

Lajabu anasisita mkono umene unatupa.

"Ndibwera Lolemba," anayankha. "Lero ndikufuna ndingokhala ndi ana anga."